Mzere wa Zitini pa Bwalo la Mfumu Zonsenzanga

"Mukuti onse khumi ndi awiri?"

"Onse, asisi. Palibe wotsala."

"Kufika nthawi imodzi?"

"Ngati mano a chipeso. Chaka chino, chaka chatha, ngakhale chaka chija cha dzombe."

"Ndiye wapambana ndani?"

"Mfumu."

Mwandida Kalimbuka anaika foni yake pa benchi n'kuseka mpaka kugwira m'nthiti. A Binwelo, amene ankakonza mafoni pa msika wa Palibekwina, sanaseke nawo. Nkhani imeneyi anaiseka kale zaka zitatu zapitazo, phwete linawathera, chimene chinatsala ndi timapepala ta bungwe lawo timene ankapatsa aliyense wobwera ndi foni yosweka galasi.

Ankakamba za Mpikisano Waukulu wa Mabulawuza umene unachitika dzulo lake. M'dziko la Khomolimodzi munthu aliyense anali ndi foni, ndipo foni iliyonse inkachokera ku fakitale ya Mfumu Zonsenzanga Wachitatu. Koma pa nkhani ya bulawuza, kaja kamene munthu amadina pafoni kuti alowe pa intaneti, anthu anali ndi ufulu wosankha. Ufulu umenewu unkaimbidwa pa wailesi m'mawa uliwonse, kwaya ndi ng'oma zomwe. Panali bulawuza wa Mphenzi, wa Kamvuluvulu, wa Liwiro Lenileni, wina wofiira, wina wachikasu, wina wokhala ndi chithunzi cha nalimata wovala tayi. Kungoti kuseri kwa lamulo lalikulu la ufululo kunali kalamulo kena kakang'ono, kolembedwa ndi zilembo zofanana ndi mazira a nsabwe. Kankati bulawuza aliyense, kaya wapangidwa ndi ndani, m'mimba mwake muzikhala injini ya mfumu.

"Ngolo khumi ndi ziwiri, ng'ombe imodzi," anatero a Binwelo akuchotsa kasikuluu ndi mano. "Ngoloyo muipente mmene mufunira. Ng'ombe ikaima kuti ikodze, nonse mwaima."

Apa Mwandida anasiya kuseka, chifukwa ng'ombe imeneyi ndi imene inali pafupi kugwetsa chigayo cha bambo ake.

Anthu a ku Khomolimodzi amalemekeza mzere kuposa maliro. Chiyambire makolo, munthu akafika pa mzere n'kuona kuti ndi wautali, amasiya chinthu chake, kaya chitini, kaya nsapato, kaya mwala, iye n'kupita kukagwira ntchito zina. Chinthu choikidwa pa mzere ndi munthu. Sichidumphidwa, sichisunthidwa, ndipo wochiponda amachipepesa. Mwambo wabwino kwambiri, koma uli ndi chilema chimodzi: chitini chilibe makutu. Nthawi yake ikafika mwini wake ali kudimba, chigayo chimangolira chopanda kanthu, dizilo akupsa, mzere wonse uli phee kudikira.

Mwandida anali ataphunzira za makompyuta, choncho anapanga tsamba la pa intaneti lotchedwa Yafika. Munthu ankalemba nambala pa chitini chake, kutsegula tsambalo pa bulawuza aliyense, n'kupita. Nthawi ikayandikira, foni inkayenera kulira belu. Pa kompyuta ya Mwandida belu linkalira mokoma ngati la kutchalitchi. Pa mafoni a anthu, zii. Injini ya mfumu sinkalola tsamba la pa intaneti kuliza belu. Zololedwa kulira zinali maapu, mapulogalamu a pafoni, ogulidwa mu Golosale ya Mfumu okha, ndipo kuti apu ilowe mmenemo inkadikira mvula zitatu, kenako mfumu inkatenga zitini zitatu za ufa pa khumi zilizonse. Wapampando wa komiti yovomereza anali mphwake wa mfumu, yemwenso anali ndi chigayo kutsidya kwa msewu, ndipo apu yake inkalira ngati tambala.

Makasitomala anayamba kuwolokera kwa tambalayo. Bambo Kalimbuka anali atanena kale, osakweza mawu: kukolola kukatha belu lisanalire, chigayo achigulitsa kwa mphwake wa mfumu, iwo akaweta nkhunda.

"Lembani dzina apa," anatero a Binwelo akumupatsa kapepala. "Bungwe la Tsegulani Khomo. Phindu sitipanga."

"Chifukwa cha mfundo kapena chifukwa cholephera?"

"Zonse ziwiri, koma mfundo ndiyo inayamba."

"Mulipo angati?"

"Ndi inu tikhala atatu. Msungichuma ndi awo."

Analoza Nagama, mayi wogulitsa tomato pa benchi yoyandikana nayo, amene anakweza dzanja osasiya kuthamangitsa ntchentche.

"Chuma chake chili kuti, mayi?" anafunsa Mwandida.

"Chinali mtedza mbale imodzi, wina anatipatsa chaka chatha," anayankha Nagama. "Tinadya pa msonkhano waukulu. Mukafuna kuthandiza, bwerani ndi wina, wokazinga."

Bungweli linali litalembera ku nyumba ya mfumu makalata makumi anayi ndi imodzi, kupempha chinthu chimodzi chokha: aliyense aloledwe kupanga bulawuza wa injini yakeyake, ndipo masamba a pa intaneti aloledwe kuchita zimene maapu a m'golosale amachita. Mayankho onse anali ofanana: talandira. Koma kalata ya makumi anayi ndi ziwiri, imene Mwandida analemba usana womwewo, anaipereka ndi dengu la tomato wa Nagama kwa mlonda wa pa geti, ndipo patapita masiku atatu anaitanidwa.

Anawalandira ndi Nduna ya Mafoni ndi Chitetezo cha Mitima, a Musaope, munthu wonenepa bwino, wa mawu ofewa ngati nthochi yakupsa. Mfumu inali pambali, ikusenda nzimbe ndi mpeni wagolide.

"Ana anga," inayamba ndunayo, "inu mukuganiza kuti timakana chifukwa cha nkhanza? Ndi chikondi. Lero tilole injini yachilendo pafoni ya agogo anu. Mawa yaba zithunzi za adzukulu. Mkuja yaitana afiti. Foni imakhala pansi pa pilo, ana anga, pafupi ndi mutu! Tinachita kafukufuku. Mwa anthu zana amene tinawafunsa ngati akufuna kubedwa, onse zana anati ayi. Ndiye inu mukuimira ndani?"

"Wawa nduna," anatero Mwandida, "ine ndikungofuna belu."

"Belu! Lero belu, mawa mluzu, mkuja lipenga. Dziko lingagone? Ndiponso ufulu wosankha muli nawo kale. Mabulawuza khumi ndi awiri! Kuli dziko lina pansi pano limene mpikisano wake umatha popanda wolira?"

"Pa msika pathu," Nagama analowererapo, "akati tomato yense azichokera m'dimba limodzi, ife tizingosiyana nsalu zoyala pa benchi, umenewo sautcha msika. Amautcha maliro a tomato."

Mfumu inaseka, nzimbe n'kuitsamwa pang'ono. Nduna inaona kuti nkhani ikupita kolakwika, inanong'oneza mfumu, ndipo mlembi anaitanidwa. Chigamulo chinatuluka chotere: Mfumu Zonsenzanga, pokhala tate womvera ana ake, idzakhala pa bwalo Lolemba kumva dandaulo limeneli, ngati mzere wa odandaula udzayambire pa masitepe a nyumba yachifumu mpaka kukafika pa msika wa Palibekwina, osaduka. Ukadzaduka, nkhani ya injini isadzatchulidwenso kwa zaka makumi awiri.

Kuchokera pa masitepe kukafika pa msika ndi makilomita atatu. Lolemba ndi tsiku la msika. Ndipo unali mwezi wokolola.

Pobwerera a Binwelo ankayenda ngati munthu wochokera kumanda. "Atitha," anatero. "Ndani asiye chimanga m'munda chifukwa cha injini yosaoneka ndi maso?"

"Ine ndemwe sindingabwere," anatero Nagama. "Bungwe ndimalikonda, koma tomato sadziwa ndale. Amaola."

Mwandida anali kumbuyo, akuwerenga chigamulocho kachitatu, milomo ikugwedera. Kenako anaima pakati pa msewu, wanjinga ya kabaza n'kumutukwana pomuzemba.

"A Binwelo, tawerengani apa. Akuti chiyani chifike pa msika?"

"Mzere."

"Alembapo kuti miyendo?"

A Binwelo anayang'ana pepala, anayang'ana Mwandida, n'kukhala pansi m'fumbi momwemo. Phwete lija linawathera zaka zitatu zapitazo linabwera lonse nthawi imodzi, ndi chiwongola dzanja chomwe.

Masiku anayi otsatira bungwe la anthu atatu linazungulira dziko lonse. Sankapempha munthu kuti asiye ntchito. Ankangoti: tipatseni chinthu chimodzi chimene simuchifuna Lolemba. Mwandida ankalemba nambala ndi choko, n'kulowetsa mwini wake pa tsamba la Yafika. Ambiri sankamvetsa za injini, koma aliyense anali ndi mlandu wake ndi foni. Telala wina anali ndi tsamba lolandirira miyeso ya makasitomala limene linkaiwala zonse intaneti ikaduka. Mzamba wina ankafuna kukumbutsa amayi tsiku la sikelo. Mkulu wa kwaya anapereka ng'oma yobooka chifukwa choti anatopa ndi kuimba nyimbo ya ufulu wosankha.

Lolemba dzuwa likutuluka, nduna Musaope inasuzumira pa zenera ikumwetulira, ikuyembekeza kuona anthu atatu. Inaona nsapato ya kumanzere pa sitepe yoyamba. Kumbuyo kwake chitini. Kumbuyo kwake mpini wa khasu, mtondo wong'aluka, tayala la njinga, ambulera yopanda nsalu, mthiko, chigoba cha wailesi, dzungu, njerwa yovekedwa kapusi, mpaka uko maso analekezera. Zinthu zikwi zitatu mazana awiri ndi khumi ndi zitatu, zili ndondondo, mwaulemu, palibe chokankha chinzake. Apolisi anatumidwa ndi chingwe kukayeza. Anabwerera ndi lipoti loti mzere wafika pa msika, wapitirira, ndipo wakathera pa khomo la chimbudzi cholipiritsa.

Mfumu inatuluka itamwa tiyi makapu anayi ndi thobwa la m'mawa, inakhala pa mpando wa bwalo, ng'oma zinalira. Apa m'pamene anthu achikulire anayamba kugwirana zigongono, chifukwa anakumbukira mwambo wina. Mfumu ya Khomolimodzi ikakhala pa mpando wa bwalo, siimirira mpaka womaliza pa mzere atamvedwa. Mwambowu unkatamandidwa m'mabuku a sukulu, ndipo sunavutepo munthu, popeza chiyambire mzere wa pa bwalo sunapitirirepo anthu anayi.

"Woyamba!" anafuula wolengeza.

Nsapato ya kumanzere sinayankhe.

"Woyamba alankhule!"

Nsapato inakhala chete, lilime lili panja.

Mwandida anayang'ana m'buku lake n'kunena kuti mwini wake ndi mlimi wa kutsidya kwa dambo. Mesenjala anakwera njinga. Bwalo linadikira ola lathunthu. Mlimiyo anafika ali thukuta kamukamu, mankhusu a chimanga m'tsitsi, anagwada n'kuomba m'manja.

"Wawa mfumu. Ndabwera kudzati injini zikhale zambiri."

"Basi?"

"Basi, wawa. Ndasiya ngolo pa dzuwa."

Anatola nsapato yake n'kupita.

"Wachiwiri!" anafuula wolengeza, akuyang'ana chitini.

Mfumu inakodola nduna. "Musaope, ola limodzi chinthu chimodzi. Zinthu zikwi zitatu. Timaliza liti?"

Nduna inawerenga zala, zinatha, inabwereka za mlembi. "Mvula yoyamba isanagwe, wawa. Ngati sitigona."

"Mvula usaitchule," inatero mfumu, ikupanikiza mawondo.

"Njira ilipo yapafupi," inatero nduna mokweza, kuti onse amve. "Izi ndi zinyalala. Abwere ndi mawilibala akataye kudzala. Chitini si munthu."

Anthu amene anasonkhana kudzaonerera anati haa nthawi imodzi, ngati mpira wagunda chitsulo. Mayi wina anatseka makutu a mwana wake. Koma amene anatuwa kwambiri ndi mfumu. Dziko lonse linkadziwa kuti pamene Zonsenzanga Wachiwiri ankamwalira, mwana wakeyu anali kusukulu kunja, ndipo kwa zaka zisanu ndi chimodzi chimene chinamusungira malo pa mpando wachifumu chinali chipewa chake. Amalume ake anayi ankachigwadira chipewacho m'mawa uliwonse akukukuta mano. Awiri mwa iwo anali pomwepo pa bwalo, ndipo atamva mawu a nduna anatchera makutu ngati agalu omva fungo la nyama.

"Chitini ndi munthu!" inakuwa mfumu. "Chitini ndi munthu wolemekezeka! Musaope, chipepese!"

Nduna inagwada n'kupepesa chitini.

Dzuwa linakwera. Pofika cha m'ma leveni anali atamva anthu anayi ndi theka, popeza mwini wa mtondo anatumiza mkazi wake ndipo panabuka mtsutso ngati zimenezo zikuwerengedwa. Mfumu inali itasiya kuyankhula. Inkangogwedeza mwendo, maso ali pa kanjira kopita kuseri kwa nyumba. Wantchito wina anabwera ndi jagi ya madzi, n'kuyamba kuthira m'tambula kuchokera m'mwamba mwaluso, ndipo anachotsedwa ntchito pomwepo.

Mwandida anadikira mpaka mwendo wachiwiri utayambanso kugwedera. Kenako anapita patsogolo n'kugwada.

"Wawa mfumu, eni zinthu zonsezi ndili nawo pa tsamba langa. Nditha kuwaitana makumi asanu nthawi imodzi. Kungoti foni zawo sizilira."

"Zilire!"

"Sizingatheke, wawa," inatero nduna. "Kusintha injini ndi ntchito ya zaka zisanu. Pafunika akatswiri ochokera kunja, komiti, kafukufuku wa chitetezo, ndi..."

"Musaope," inatero mfumu motsitsa mawu, "m'thupi mwangamu muli chiwalo chimene sichidziwa zaka zisanu."

Nduna inapisa m'thumba, inatulutsa foni yake, inatembenuka pang'ono kuti anthu asaone, n'kudina kamodzi.

"Zatheka," inatero.

"Zaka zisanu zathamanga bwanji!" anatero Nagama, amene anali atabwera ndithu, dengu la tomato lili pamutu, akugulitsa kwa oonerera. "Ndiye kuti ine ndakalamba osadziwa."

"Si belu lokha, wawa," a Binwelo anafuula ali kumbuyo. "Tinapemphanso injini zina."

"Zonse! Injini, mabelu, malipenga! Lembani!"

Nduna inadinanso kachiwiri, kenako inauza mlembi zolemba, mawu ikuwatafuna m'kamwa. Koma Mwandida anali pafupi, ndipo anamva bwinobwino: masamba a pa intaneti aloledwa kuliza belu, injini zina zaloledwa, pa nthawi yonse imene mzere uno uli chiimire. Mfumu inasaina osawerenga.

Mwandida anatulutsa foni yake. Anadina pa Yafika.

Kutali kumsika kunamveka ngiri, ngiri. Kenako kudambo. Kenako m'thumba la wapolisi amene anali atapereka wezulo wake ku mzere mobisa. Belu linayenda m'dziko lonse ngati moto wa lupsa, ndipo anthu anayamba kutulukira mbali zonse, ena pa njinga, ena pa ngolo, ena akuthamanga ndi mipeni yosendera chimanga m'manja, akuseka, akukweza mafoni m'mwamba ngati apeza mwana wotayika. Aliyense ankagwada, kunena kuti injini zikhale zambiri, kutola chake n'kupatuka. Mkulu wa kwaya anaika mawuwo m'nyimbo, ng'oma yobooka inagwira ntchito, ndipo wolengeza anayamba kuitana manambala akuvina.

Pansi pa mtengo a Binwelo anali atatsegula kale sitolo. Anali ndi bulawuza wa injini ina, wopangidwa ndi masisitere awiri a ku mishoni, amene anakhala m'kabati zaka zitatu. Anamuika pafoni ya Nagama. Tsamba la mitengo ya tomato, limene masiku onse linkatenga nthawi yokwanira kupsa kwa mbatata, linatseguka chala chisanachoke pa galasi. Nagama anaponya foni mu dengu.

"Ichi n'chiyani? Ndinalibe ndi nthawi yomwe yoti ndidandaule!"

Bambo Kalimbuka nawo anafika, atatsekera chigayo, foni ikulira m'thumba la ovolosi. Anatola lamba wakale wa injini ya chigayo amene anaika pa mzere, anaima pambali n'kumayang'ana mwana wawo ngati akumuona koyamba. Belu sanalizimitse. Analisiya lizilira.

Cha m'ma fili koloko mzere wa makilomita atatu unali utafupika ngati mchira wa mbuzi. Apolisi ankasendeza eni zinthu kuti afulumire, zinthu zotsalazo n'kumazinyamulira kufupi ndi masitepe akuzipepesa. Zinatsala khumi. Zinatsala zitatu. Mwini dzungu anabwera, mwini njerwa ya kapusi anabwera ndipo anali m'modzi wa amalume a mfumu. Pomaliza, patsinde pa masitepe panatsala chinthu chimodzi: chitini choyezera chimanga pa chigayo, choyera ndi ufa, nambala yake zikwi zitatu mazana awiri ndi khumi ndi zitatu.

Foni ya Mwandida inalira m'manja mwake.

Anatsika masitepe pang'onopang'ono n'kuima pambali pa chitini chake. Nyimbo inazilala. Mfumu inali itadzuka kale theka, manja atagwira mikono ya mpando, nkhope ikunyezimira, phazi limodzi litaloza kuseri kwa nyumba. Nduna Musaope inali itatulutsanso foni yake, chala chili m'mwamba pa galasi, ikumwetulira kumwetulira kwake kwa m'mawa kuja.

"Tola, mwana wanga," inatero mfumu. "Nena mawu ako, utole. Ndikukupempha ngati kholo."

"Tolani, mayi," inatero nduna. "Mfumu yatopa."

Mwandida anayang'ana chala cha nduna. Anayang'ana bambo ake. Kenako anakunga chitenje chake bwinobwino, anakhala pansi pafupi ndi chitinicho, natambasula miyendo ngati munthu amene alibe kopita mpaka chaka chamawa. Nagama anatsitsa dengu n'kukhala naye. A Binwelo anabwera ndi mtedza wokazinga umene wina anali atangopereka ku bungwe. Kumbuyo kwawo, mlimi uja wa kutsidya kwa dambo, amene anali atabweranso, anayamba kumasula zingwe za nsapato yake ya kumanzere.

"Wawa mfumu," anatero Mwandida, "ndikatola chitinichi, mawa belu lilira?"